Piritsi limene linatichotsa ku Golomoti

Chifundo, wandifunsa kangapo chifukwa chimene tinachokera ku Golomoti pakati pa teremu, iwe uli m'Sitandade 8, mpaka unakalembera mayeso pa sukulu imene sunkadziwapo mphunzitsi ndi mmodzi yemwe. Nthawi zonse ndinkakuyankha kuti wantchito wa boma amapita kumene watumidwa. Yankho limenelo si labodza, koma ndi losakwanira. Tsopano ndapuma pa ntchito, ndipo eni nkhaniyi anandilola kuilemba. Ndikufuna iwe ndi abale ako mudziwe mmene zinayendera. Mayina awo ndasintha.

Zaka zoyamba, kumapiri

Nditamaliza Fomu 4 ndinachita maphunziro a umediko asisitanti. Ntchito yanga yoyamba inali pa chipatala chaching'ono kumapiri a Dedza, kozizira moti mu Juni madzi osamba m'manja ankaluma zala. Tinalipo atatu, ine, namwino ndi mlonda. Anthu ankanditchula kuti adokotala. Poyamba ndinkawauza kuti dokotala weniweni ali ku boma, kenako ndinatopa n'kumangoyankha. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti munthu amene wayenda mtunda wautali sakhulupirira piritsi. Amafuna jakisoni, chifukwa kwa iye chimene chapweteka ndicho chachiza. Ndinaphunziranso kuti mankhwala amatha mwezi usanathe, ndipo sabata yomaliza umachiza anthu ndi panado komanso pakamwa. Za kumapiriko ndi zambiri, koma nkhani ya lero ili kuchigwa.

Ku Golomoti, zaka zinayi zoyamba

Ananditsitsira kuchigwa iwe utayamba kale sukulu. Chipatalacho chinali m'dera la Golomoti, pakati pa midzi ya alimi a mpunga. Dzina lake ndisalitchule. Mkulu wathu anali a Kamwendo, munthu wamfupi, wovala malaya oyera osita bwino tsiku lililonse ngakhale kunkatentha chotani. Sankakalipa. Akakwiya ankavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo tonse tinkadziwa kuti wina wapalamula. Anali ndi mawu awo amene ankauza wantchito aliyense watsopano: "Chipatala chimathera pa mpanda." Ankatanthauza kuti za m'mabanja, za minda ndi za milandu ya m'mudzi si zathu. Poyamba ndinkaona ngati ndi kuuma mtima. Pambuyo pake ndinamva kuti pa chipatala china mnzawo anakachitira umboni pa mkangano wa banja, ndipo odwala a mbali imene inagonja anasiya kubwera kudzalandira mankhwala. A Kamwendo sankafuna zimenezo zichitike pawo.

Ine anandipatsa chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Dzinalo ndi lalikulu, koma munali mabedi awiri, kabati imodzi ndi zenera limodzi. Munkabwera olumidwa ndi njoka, ogwa pa njinga, ana okomoka ndi malungo, ndi odzicheka ndi chikwakwa nthawi yokolola. Munkabweranso mayi wina dzina lake Nagama.

Nagama anali mayi wa ana anayi, woyamba dzina lake Tereza, wolima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Ankafika atakwezedwa pa njinga ndi mlongo wake, a Petulo, chitenje chitaphimba nkhope yonse, mpango atamanga pamphumi mwamphamvu mpaka kusiya mzere pakhungu. M'mbali mwa maso ake munali mphini, zakale ndi zatsopano, chifukwa kwa asing'anga anali atayendako kale. Ulendo woyamba ndinamufunsa kuti zimayamba bwanji.

"Zimayamba ndi tinthu tong'anima m'diso lamanzereli," anatero, "ngati madzi a m'munda dzuwa likawawomba. Ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti kwatha. Kenako wina amayamba kusinja mbali inoyi. Tsekani zeneralo, adokotala, ndapota nanu."

Unali mutu waching'alang'ala. Zochita zanga zinali zimodzimodzi ulendo uliwonse. Ndinkayeza malungo, osapezeka. Ndinkaweramitsa khosi lake kuti ndione ngati lauma, losauma. Kuthamanga kwa magazi kunali bwino. Ndinkamubaya jakisoni woletsa ululu ndi wina woletsa kusanza, n'kupachika bulangete pazenera. Ankagona, ndipo dzuwa likapendeka ankadzuka, kuthokoza, n'kumapita. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ankabweranso. Zaka zinayi zinatha choncho, ine ndikuganiza kuti ntchito ndikuigwira bwino.

Amuna ake, a Lingisoni, ndinawaona kamodzi kokha m'zaka zimenezo. Anali munthu wamtali, wolimbikira ntchito, amene akakolola mpunga ankapita kunyanja miyezi ingapo kukagula ndi kuyanika usipa. Anaima pakhomo la chipindacho osalowa. "Adokotala," anatero, "mutu wa awawu ndi wanzeru. Umadziwa tsiku lowokera, umadziwa tsiku lopalira. Tsiku la ukwati wa eni ake sumabwera." Nagama anamva zonsezo ali pabedi. Ndinawauza kuti dzuwa, njala ndi kutopa ndi zimene zimadzutsa mutu woterewu, ndipo zonsezo zimapezeka kumunda. Anangoti, "Chabwino," n'kutuluka.

Chaka chachisanu, nyengo yowokera mpunga

Mu Januwale kunabwera dokotala wina wachitsikana wochokera ku boma kudzaona mmene tikugwirira ntchito. Anapeza Nagama ali pabedi, bulangete lili pazenera. Anandiitanira panja.

"Mayiwa mumawabaya kangati pamwezi, bambo Chisale?"

Ndinamuuza kuti kawiri, nthawi zina katatu kapena kanayi.

"Nanga masiku amene mutu suli kuwawa, amamwa chiyani?"

"Palibe, adokotala. Amakhala ali bwino."

"Ndiye mukudikira nyumba ipse kuti mukatunge madzi," anatero, mosanyoza. Anandifotokozera kuti munthu amene mutu waching'alang'ala ukumugwetsa pafupipafupi chotere amafunika mankhwala oteteza, omwa tsiku ndi tsiku ngakhale ali bwinobwino, ndipo malo abwino oyambira nkhaniyo ndi m'chipinda changa chomwecho, chifukwa anthu otere sabwera kuchipatala tsiku limene ali bwino. Anatinso panado ndi asipirini amene Nagama ankagula pa golosale n'kumamwa pafupifupi tsiku lililonse akhoza kumawonjezera mutuwo. Zina mwa izi ndinaziphunzirapo kusukulu, koma mzere wa odwala unali utandizoloweza kuchiza zimene zili pamaso panga basi.

Mankhwala oteteza amene akanapezeka kwathu anali a mitundu iwiri. Ena anali aja timapatsanso odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, koma Nagama anali ndi mphumu, ndipo mankhwala amenewo amatseka chifuwa cha munthu wa mphumu. Panatsala amitiripitilini, timapiritsi ting'onoting'ono tomwa pogona. Dokotala uja anamufunsa Nagama ngati ali woyembekezera, namumvetsera mtima, n'kulamula kuti ayambe ndi theka la piritsi. A Kamwendo anadandaula kuti mankhwalawo amabwera ochepa ndipo ali kale ndi eni ake, koma anatsegula kabati.

Ndinamufotokozera Nagama kawiri konse. "Awa si oletsa mutu ukayamba. Ndi otchinga kuti usamabwere pafupipafupi. Muzimwa madzulo aliwonse. Poyamba muzimva tulo ndi kuuma m'kamwa. Musayembekezere kusintha mawa, papita masabata."

"Ndizimwa ndisakudwala?"

"Eya, makamaka musakudwala."

Anaseka pang'ono. "Koma zachizungu zinazi." Anamanga mapiritsiwo pakona ya chitenje.

Mu Febuluwale anabwera kawiri. Mu Malichi kamodzi. Nthawi yokolola inadutsa yonse osagona pa bedi langa, ankangobwera kudzatenga mapiritsi mwezi ukatha, akuyenda yekha, nkhope ili poyera. Mutu sunatheretu, koma ukabwera unkakhala wopepuka, woti akagona m'nyumba theka la tsiku unkachoka. Chaka chimenecho anakolola munda wake wonse popanda kupempha a Petulo kuti amuthandize.

Chaka chomwecho, mu Okutobala

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili masiku amenewo. Ma ARV anali atangofika kumene m'zipatala za kumidzi. Anthu ambiri amene tinali titawataya mtima anadzuka, koma manyazi anali akadali aakulu. Omwa mankhwalawo ankathira thonje m'botolo kuti lisamalire m'thumba. M'midzi yathu munthu womwa piritsi tsiku lililonse, pa nthawi imodzimodzi, akuoneka wathanzi, ankadziwika kuti akumwa chinthu chimodzi chokha. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinazilumikize ndi Nagama.

A Lingisoni anabwerako kunyanja kumapeto kwa Seputembala. Asanapite, Nagama ankamwa piritsi lake kukhitchini osawauza, poopa kuti anena kuti wayambanso kudzidwalitsa. Atabwerako anapeza akazi awo atanenepako, akugwira ntchito osagona, ndipo tsiku lina anawapeza akumasula kona ya chitenje n'kumeza kanthu.

Lachisanu lina Nagama anafika m'chipinda changa. Sanali kudwala. Anakhala pa benchi, n'kuika kapepala ka mapiritsi patebulo.

"Tengani zinthu zanu, adokotala."

"Zakuvutani?"

"Sizinandivute. Zandithera banja. Bambo a Tereza akuti ndikumwa ma ARV mobisa, ndipo matendawo ndinawatenga iwo ali kunyanja. Atulutsa katundu wanga. Ankhoswe akumana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Ndikasiya kumwa mwina andikhulupirira."

"Mukasiya, mutu ubwerera."

"Ubwerere. Mutu ndimagona nawo m'nyumba mwanga. Nanga ndikachira ndili kwa alongo anga, ana ali kwina, ndachira chiyani?"

Ndinamufunsa ngati angandilole kuuza amuna ake za matenda ake. Anati andilola kuuza aliyense, ngakhale mbuzi za m'mudzimo, bola ndibwere ndekha Lamulungulo, chifukwa a Lingisoni analumbira kuti kuchipatala saponda. Ndinamubwezera mapiritsi ake n'kumuuza kuti asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Ndinakawauza a Kamwendo. Anavula magalasi. "A Chisale, chipatala chimathera pati?"

"Pa mpanda, bwana."

"Awuzeni abwere kuno onse awiri. Tili ndi chipinda cha uphungu."

"Mwamunayo wakana."

"Ndiye nkhani yathera pomwepo. Ine sindikukutumani." Anavalanso magalasi. "Lamulungu ndi tsiku lanu. Koma mukapita, mwapita ngati Chisale, osati ngati chipatala."

Ndinauza amayi anu. Anandifunsa funso limodzi: "Anawapatsa mapiritsiwo ndani?" Ndinati ndine. Anati, "Ndiye mukufunsa chiyani?"

Lamulungu ndinachoka kutchalitchi molunjika, ndili m'jekete, osadya kanthu, n'kupalasa njinga mpaka kumudziko. Kunali kotentha monga mukudziwira Okutobala wa kuchigwa. Ndinapeza ankhoswe atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kumbali ya mkazi kunali a Petulo. Kumbali ya mwamuna kunali a Lingisoni ndi amalume awo, a Zakeyu, mkulu wowonda, wa maso akuthwa, amene ankalankhula akusenda nzimbe ndi kampeni. Nagama anakhala pamphasa chapatali ndi amayi ena awiri. Atandilonjera anandipatsa mpando, ndipo a Petulo anandipempha kuti ndilankhule.

Ndinafotokoza za mutu waching'alang'ala, ndi za mankhwala oteteza. Ndinati si ma ARV.

"Mankhwala anji omwa munthu asakudwala?" anafunsa a Lingisoni, osandiyang'ana.

"Mukakolola, mankhwala a anankafumbwe mumathira liti m'matumba? Atalowa kale, kapena asanalowe?"

"Akazi anga si thumba la chimanga."

Amayi aja anaseka chamumtima. A Zakeyu anatukula kampeni kuti onse akhale chete.

"Adokotala, mwalankhula bwino, ndipo tathokoza kuti mwapsa ndi dzuwa chifukwa cha ife. Koma ndikufunseni. Si zoona kuti inu achipatala munalumbira kuti za magazi a munthu simuulula?"

"Ndi zoona."

"Ndiye mwana wathuyu akanakhala kuti akumwa ma ARV, inu mukanatiuza pano?"

"Popanda chilolezo chake, ayi."

"Eya. Ndiye kuti akumwa, mukanati ayi. Sakumwa, mukuti ayi. Nanga ayi wanuyo timuike pati?"

Mkuluyo sananame. Lamulo lomwe limateteza odwala athu ndi limene linachititsa kuti mawu anga akhale opanda kulemera pa bwalo limenelo.

A Zakeyu anatafuna nzimbe, kulavula, n'kupitiriza. "Ife kuno sing'anga akasakaniza mankhwala, asanakupatse amayamba wamwako yekha, iwe ukuona. Ndiye umadziwa kuti m'chikhomo mulibe chobisika. Inu achipatala mumatipatsa zinthu zimene simunalaweko. Mapiritsi si awa? Imwani limodzi pano, ife tikuona. Tonse tikudziwa kuti munthu wabwinobwino sangayerekeze kumeza ma ARV, amaumitsa magazi. Mukameza, nkhani yatha."

Zoti amaumitsa magazi zinali zabodza, koma ndi zimene anthu ankakhulupirira.

Ndikukumbukira bwino zimene ndinkayeza mumtima. Wachipatala samwa mankhwala a wodwala, limenelo ndi lamulo, ndipo ndi labwino. Piritsi limodzi silikanandivulaza, chifukwa mtima wanga unali bwino ndipo sindinkamwa mankhwala ena, koma ndinkadziwa kuti munthu wosalizolowera, wa m'mimba mopanda kanthu, limamugoneka, ndipo njira yobwerera inali yaitali. Chimene chinandilemera kwambiri chinali china. Ndikameza, ndikhala ngati ndavomereza kuti mkazi womwa ma ARV ndi woyenera kutulutsiridwa katundu, pamene Lachiwiri lililonse, tsiku lawo lolandira mankhwala, ndinkauza anthu oterowo kuti ayende mutu uli m'mwamba. Koma ndikakana, Nagama agona kwa a Petulo, ndipo mapiritsi awataya m'chimbudzi. Ndinamuyang'ana. Anali atayang'ana pansi, akupotokola kona ya chitenje.

"Ndimwa," ndinatero. "Koma ndili ndi mawu awiri. Oyamba, akanakhala ma ARV, ndikanabwerabe pano kudzakuuzani kuti si chifukwa chothetsera banja. Achiwiri, kumeza kwangaku sikuyeza magazi a munthu. A Lingisoni, inunso mwakhala kunyanja miyezi. Mukufuna kudziwa zoona, mubwere Lachiwiri ndi akazi anu, muyezetse nonse awiri, mumve limodzi. Mukavomera pamaso pa amalume anu, ndimeza."

A Lingisoni anatsegula pakamwa, koma a Zakeyu anawadula. "Wavomera."

"Malume, ine sindinati..."

"Ndati wavomera. Iwe wayambitsa mlandu wa magazi, ndiye magazi ako asiyane bwanji? Tereza, tenga madzi."

Nagama anamasula kapepala kaja. A Zakeyu anasankha okha piritsi, kuliyang'ana mbali zonse, n'kundiika m'dzanja. Ndinameza. Anandiuza kuti nditsegule pakamwa ndi kutukula lilime, monga momwe ife timachitira ndi odwala chifuwa chachikulu. Kenako anatembenukira kwa a Lingisoni.

"Bweza katundu wa mayiwa m'nyumba. Unyamule wekha."

Pamene ndinkatsanzika, Nagama anandiperekeza mpaka pa njinga. Anangoti, "Limenelo mundibwezera, adokotala. Mwezi sukwana."

Ndinapalasa bwinobwino chigawo choyamba cha njira. Kenako m'kamwa munauma, miyendo inalemera, msewu unayamba kuoneka ngati ukusuntha. Ndinatsika kuti ndipume pang'ono pansi pa mlambe wina m'mbali mwa njira. Sindinazindikire kuti kuseri kwa mlambewo kunali nyumba imene ankagulitsa kachasu. Ndinadzuka dzuwa litapendeka kwambiri, jekete lili fumbi lokhalokha, njinga itagwa, anthu atandizungulira, mbuzi ikutafuna chipewa changa. Bambo wina anati, "Dzukani adokotala, odwala akudikira." Onse anaseka. Ndinayesa kuyankha koma lilime linali lolemera, ndipo zimenezo zinangotsimikizira zimene ankaganiza.

Lolemba nkhani inali itafika kale pa chipatala, pa msika ndi kumpingo, kumene ndinali mkulu wa mpingo. Ine amene mowa sindinaulaweko chibadwire. A Kamwendo anandiitana, magalasi ali kale m'manja. Ndinawauza zonse mmene zinayendera. Anapukuta magalasiwo nthawi yaitali.

"A Chisale, kuledzera kukanakhala bwino, chifukwa kalata yake ndimadziwa kalembedwe kake. Nanga izi ndilemba kuti chiyani? Kuti wantchito wanga wasanduka sing'anga?"

"Lembani zimene zinachitika, bwana."

"Ndikalemba zimenezo ntchito yakutherani." Anavala magalasi. "A komiti ya chipatala abwera kale m'mawa uno. Akuti sakufuna kubayidwa ndi chidakwa. Mukawauza zoona?"

Ndinati ayi. Nagama anandilola kulankhula pamaso pa ankhoswe kuti banja lake lipulumuke. Kukafotokoza kwa komiti ndi kumpingo kukanatanthauza kuti dera lonse limve kuti amuna ake anamuganizira zachiwerewere ndi matenda, n'kumutulutsira katundu. Ankhoswe anali atagwirizana kuti nkhaniyo ithere pansi pa mango paja. Sindikanaitulutsa ine kuti ndiyeretse dzina langa.

A Kamwendo sanalembe kalata yondiimba mlandu. Anapempha ku boma kuti andisamutse, ponena kuti ine ndi anthu a m'deralo sitikumvananso, zimene zinali zoona. Kumpingo anandiimitsa paudindo. Amayi anu anapirira mawu ambiri pa mjigo, osayankha ngakhale limodzi. Iwe unalira chifukwa cha anzako a kusukulu, ndipo ine ndinakuuza za wantchito wa boma.

Lachiwiri lija a Lingisoni ndi Nagama anabwera. Analowa m'chipinda cha uphungu onse awiri. Zimene anamva m'menemo ndi zawo, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoona pazenera kuti pobwerera anakwera njinga imodzi. Piritsi lija ndinamubwezera Nagama.

Ku Mtakataka, zaka zomaliza

Anatitumiza ku chipatala china chaching'ono m'dera la Mtakataka, kumene ndinagwira ntchito mpaka kupuma. Mbiri ya uchidakwa inanditsatira pa minibasi, koma inafa yokha patapita chaka, anthu ataona kuti pa malo omwera sindipezekapo. Mankhwala ankasowa monga kale. Miyezi ina amitiripitilini sankabwera n'komwe, ndipo ndinkatumiza uthenga kwa anzanga a zipatala zoyandikana kuti tibwerekane. Koma kuyambira nthawi imeneyo, aliyense wobwera ndi mutu waching'alang'ala kachiwiri kapena kachitatu, ndikamubaya n'kudzuka, sindinkamulola kupita ndisanamufunse kuti mutuwo umabwera kangati pamwezi. Woyenera mankhwala oteteza ndinkamuuza kuti abwere ndi wa kunyumba kwake, mwamuna kapena mkazi, kuti piritsi loyamba lilowe m'nyumba onse akulidziwa. Sindinalawenso mankhwala a wodwala, ndipo aliyense wa inu amene adzagwire ntchito ya chipatala asadzayese.

Chaka chimene ndinkapuma, tsiku lina la msika, ndinamva mawu pakhomo la chipinda changa. Anali a Lingisoni, tsitsi litachita imvi, atatsagana ndi mnyamata wina ndi mkazi wake. Mkaziyo anali ataphimba nkhope ndi chitenje, mpango uli pamphumi. Ulendo uno a Lingisoni analowa mpaka m'kati, n'kundipatsa moni wa manja awiri. Anati mayi a Tereza ali bwino, atsala kumunda, ndipo awa ndi mphwawo ndi mkazi wake, abwera nawo kuchokera ku Golomoti chifukwa cha mutu womwe uja.

Nditamuyeza mayiyo ndi kumubaya, ndinayamba kufotokozera mwamuna wake za mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Azimwa asakudwala? Mankhwala ake ndi otani amenewo?"

Ndisanayankhe, a Lingisoni anamugwira paphewa.

"Iwe, usawavutitse adokotala. Analawa kale amenewo, ine ndikuona ndi maso angawa. Mpaka mbuzi inawadyera chipewa. Tenga mapiritsiwo, uziwapatsa wekha akazi ako madzulo aliwonse."

Mnyamatayo anatambasula manja awiri n'kulandira.